Kalata kwa akuluakulu a zaumoyo: mlongo wanga anadikira miyezi 14

Olemekezeka a nduna, akulu a zipatala, aphunzitsi a madokotala ndi anamwino, komanso inu amene mumagawa ndalama za umoyo,

Ndikukulemberani ngati mlongo wake wa munthu amene anthu ankamuloza chala n'kumati wamisala. Dzina lake sinditchula, wandipempha yekha. Lero ali ndi zaka 27, ali pa ntchito, ndipo amamwa mankhwala ake usiku uliwonse popanda womukumbutsa. Nditamuuza kuti ndikufuna kukulemberani, anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Achemwali, muwauze za miyezi ija."

Miyezi imene akunenayo ndi 14. Ndawerenga kuyambira pamene anasiya kugona mpaka tsiku limene wachipatala woyamba anamufunsa funso loyenera. Zinayamba mwakachetechete ali ndi zaka 21. Anasiya kucheza ndi anzake, maphunziro analowa pansi, usiku ankangoyendayenda m'chipinda. Ife tinati ndi ulesi. Atayamba kutseka mawindo masana n'kumanena kuti wailesi ikukamba za iye, tinati ndi chamba, ngakhale sitinamuonepo akusuta. Atayamba kukana chakudya chimene ine ndamukonzera, ati ndathiramo poizoni, ena pa chibale anati wachitidwa chipongwe ndi anthu, ndipo tinazungulira naye kumene tinazungulira.

Koma musaganize kuti kuchipatala sitinapite. Tinapita kawiri m'miyezi imeneyo. Ulendo woyamba anamupatsa mankhwala a mutu. Wachiwiri anamupatsa ogonetsa n'kumuuza kuti achepetse kuganiza. Amene anationawo sanali anthu oipa, pamzere panali anthu ambiri, ndipo palibe anawaphunzitsa kufunsa kuti, "Kodi umamva mawu amene anzako sakuwamva?" Funso limenelo linafunsidwa pa ulendo wachitatu, pamene tinafika naye atamangidwa chingwe m'manja. Amene anagwira chingwecho ndine.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu ndinu madokotala, koma ambiri amene mumasaina mapepala a ndalama simunaphunzire zimenezi, choncho ndiloleni ndifotokoze mmene anandifotokozera namwino wina woleza mtima. Chimene madokotala amachitcha psychosis si matenda amodzi. Chili ngati kutentha thupi: ndi chizindikiro chakuti china chake chalakwika, ndipo zoyambitsa zake n'zambiri. Munthu amalephera kusiyanitsa zimene zikuchitikadi ndi zimene ubongo wake ukupanga. Amamva mawu, nthawi zina amaona zinthu kapena kumva fungo limene ena sakulimva. Amakhulupirira ndi mtima wonse zinthu zimene palibe umboni ungamusinthe, monga kuti akumulondalonda, kapena kuti maganizo ake akumveka kwa anthu onse. Zoyankhula zake zimatha kuduka mutu, nkhani iyi isanathe walowa ina.

Chimene chinandivuta kumvetsa n'chakuti mawuwo sankanamizira. Makina ojambula ubongo aonetsa kuti pamene munthu akumva mawu oterewa, mbali za ubongo zimene zimagwira ntchito pomva ndi poyankhula zimakhala zikugwiradi ntchito. Kwa iye mawuwo ankamveka ngati mmene inu mungamvere mawu anga tikanakhala pamodzi. Ndiye taganizani kuti mawu atatu akukunyozani usiku wonse, mukauza abale anu iwo n'kumakukalipirani kuti musiye zamasewera. Ndani sangatseke mawindo?

Palinso mbali ina imene siichititsa phokoso, choncho siitengera munthu kuchipatala: kusowa chilakolako cha chilichonse, nkhope yosasintha, kusiya kusamba, kukhala tsiku lonse osayankhula. Imeneyi ndi imene mabanja timaitcha ulesi, ndipo ndi imene imachedwa kuchoka ngakhale mawu aja atasiya.

Si vuto la anthu ochepa. Pa anthu 100 alionse, pafupifupi 3 adzakumana nalo pa moyo wawo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti anthu pafupifupi 24 miliyoni ali ndi schizophrenia, kutanthauza munthu mmodzi pa 300 alionse, ndipo amenewa ndi matenda amodzi chabe mwa amene amabweretsa psychosis. Kawirikawiri amayamba munthu akungochoka pa unyamata kufika zaka za m'ma 20, pa nthawi yeniyeni imene akumaliza sukulu, kufuna ntchito, kuganiza za banja. Bungwe lomwelo likuti pa anthu atatu alionse amene ali ndi psychosis, oposa awiri salandira thandizo la akatswiri.

Mawu akuti misala amatiphimba m'maso chifukwa amaika anthu onsewa m'thumba limodzi. Mayi amene wasokonezeka patangotha masiku ochepa atabereka, zimene zimachitikira amayi 1 kapena 2 pa 1,000 alionse, ali pangozi iye ndi khanda lomwe, koma akathandizidwa msanga amachira bwino. Mnyamata amene wasuta chamba champhamvu, bambo amene wasiya mowa mwadzidzidzi n'kuyamba kuona tizilombo pakhoma patapita masiku awiri kapena atatu, wodwala khunyu, wodwala malungo a mu ubongo, amene kachilombo ka HIV kapena chindoko chafika ku ubongo, amene chithokomiro chake chasokonekera, amene wamwa mankhwala ena monga prednisolone wambiri, onsewa akhoza kufika pakhomo la chipatala akubwebweta mofanana. Enanso ndi a matenda a bipolar, amene munthu nthawi zina amatakasuka mopyola muyezo, nthawi zina n'kukhumudwa, kapena okhumudwa kwambiri. Mu 2007 dokotala wina, Josep Dalmau, ndi anzake anafotokoza za kutupa kwa ubongo kumene chitetezo cha m'thupi chimaukira ubongo womwewo, ndipo odwala ake ambiri amayamba ngati amisala. Mukamuona munthu wotere n'kungomubaya jakisoni wogonetsa osamuyeza kutentha thupi, shuga ndi magazi, mukhoza kugoneka munthu amene matenda ake akanachizika m'masiku ochepa, ena osadzukanso. Pempho langa loyamba ndi limenelo: wosokonezeka mutu ayezedwe thupi ngati wodwala wina aliyense, asamangolozeredwa khomo la kuseri.

Mankhwala alipo, ndipo si atsopano. Mu 1952, pa chipatala cha Sainte-Anne ku Paris, Jean Delay ndi Pierre Deniker anayamba kupereka chlorpromazine kwa odwala awo, ndipo anthu amene anakhala zaka ali otsekeredwa anayamba kucheza. Haloperidol anapangidwa ku Belgium mu 1958. Risperidone ndi olanzapine anabwera m'zaka za m'ma 1990. Onsewa amachepetsa mphamvu ya dopamine, imene ubongo umapanga wokha potumiza mauthenga, ndipo mwa ntchito zake zina imauza ubongo kuti ichi n'chofunika, chiyang'anitsitse. Ikachuluka pamene siikufunika, chilichonse chimaoneka ngati chili ndi uthenga: galimoto imene yaima panja, munthu amene watsokomola, nyimbo ya pa wailesi. Mankhwala akayamba kugwira, zinthu zimabwerera kukhala zinthu wamba. Mlongo wanga anayamba kugona m'masiku oyambirira, koma mawu aja anatenga milungu pafupifupi 5 kuti azilale. Palibe anatichenjeza kuti zimatenga nthawi chonchi, ndipo mlungu wachiwiri tinatsala pang'ono kutaya mapilitsiwo poganiza kuti sakugwira.

Apa ndi pamene ndikufuna mukhale nane pang'ono, chifukwa ndi pamene odwala ambiri amatayikira. M'mabuku anu mumalemba kuti wodwala wathawa mankhwala. Ine ndinaona chimene amathawa. Tsiku lachitatu atayamba haloperidol, khosi la mlongo wanga linapindikira kumbali, lilime linatuluka, maso anatembenukira kumwamba. Tinaganiza kuti akufa. Linali vuto lodziwika bwino la mankhwalawa, makamaka kwa anyamata, ndipo limatha msanga ndi mankhwala ena monga biperiden kapena trihexyphenidyl. Patapita milungu anayamba kuyenda ngati chidole, manja akunjenjemera, dovu likutuluka, miyendo yosafuna kukhazikika moti sankatha kukhala pampando mphindi zisanu. Anthu amene ankamuseka chifukwa cholankhula yekha anayamba kumuseka chifukwa cha dovu. Atamusinthira ku olanzapine zimenezo zinachepa, koma ananenepa kwambiri m'miyezi yochepa, ndipo mankhwala amenewa amatha kubweretsa matenda a shuga. Pali zinanso zimene mnyamata sangauze mlongo wake, zokhudza mphamvu za m'banja, zimene ndinadzazimva patapita zaka.

Zonsezi zili ndi pothawira: kuyamba ndi mlingo wochepa, kukweza pang'onopang'ono, kusapatsa mitundu iwiri kapena itatu nthawi imodzi popanda chifukwa, kusintha mtundu ngati wina wamukana. Koma zimafuna wachipatala amene ali ndi mphindi 10 zofunsa kuti, "Mankhwalawa akukutani?" n'kumvetsera yankho. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo. Mlongo wanga ananena kangapo kuti miyendo ikumuvuta, ndipo yankho linali kumuwonjezera mlingo chifukwa ankaoneka wosakhazikika. Ananena zoona, koma ndani akanamukhulupirira?

Ndiye pali nkhani ya mankhwala kusowa. Malangizo ndi akuti munthu akachira ulendo woyamba apitirize kumwa kwa chaka kapena kuposerapo, ndipo ena amafunika kumwa zaka zambiri. Akasiya mwadzidzidzi, ambiri amadwalanso. Ife tinachita mbali yathu: tinamunyengerera, tinamuwerengera mapilitsi, mpaka anavomera yekha kuti akumuthandiza. Kenako tsiku lina tinafika pawindo lolandirira mankhwala n'kuuzidwa kuti atha, tibwere mwezi wamawa. Mwezi wamawawo analinso kulibe. Pofika mwezi wachitatu anali atayambanso kutseka mawindo, ntchito imene anaipeza movutikira inatha, ndipo anagonekedwa milungu 6. Ndikufunseni inu odziwa masamu a ndalama: chotchipa n'chiti, mapilitsi a miyezi itatu kapena bedi la milungu 6? Chlorpromazine ndi haloperidol ndi ena mwa mankhwala otsika mtengo kwambiri, ndipo ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika kupezeka nthawi zonse. Mukalola kuti mankhwala a TB kapena ma ARV asowe miyezi itatu, manyuzipepala amakutsatani. A mlongo wanga akasowa kumangoti zii, chifukwa odwala ake sachita zionetsero, ndipo abale awo timachita manyazi.

Kwa amene amaiwala kapena kutopa ndi mapilitsi, kuli jakisoni wobaya kamodzi pa milungu iwiri mpaka inayi. Kwa amene mitundu iwiri yalephera, amene ndi pafupifupi mmodzi pa odwala schizophrenia atatu alionse, kuli clozapine. Mankhwala amenewa anayamba aimitsidwa m'mayiko ambiri mu 1975 odwala ena atamwalira ku Finland chifukwa amatha kugwetsa asilikali a m'magazi, koma kafukufuku wa John Kane ndi anzake mu 1988 anaonetsa kuti amathandiza anthu amene mankhwala ena onse awalephera. Chofunika n'kuyeza magazi pafupipafupi. Makina oyezerawo ndi omwe aja mumayezera odwala ena. Munthu amene mwamulemba kuti sachira mwina sanapatsidwepo mankhwala amene akanamuchiritsa.

Komabe ndingakunamizeni nditati mapilitsi okha ndi amene anabweza mlongo wanga. Anabwerera ku nyumba imene inali ndi mantha ndi mkwiyo. Mayi ankamulondera ngati khanda, ine ndinkamukalipira akagona mpaka masana. Kalekale m'zaka za m'ma 1960, George Brown ndi anzake ku London anapeza kuti odwala amene abwerera ku mabanja odzudzula kwambiri kapena owapanikiza ndi chisamaliro amadwalanso msanga kuposa ena. Sikuti banja ndi limene limayambitsa matendawa ayi. Koma banja likaphunzitsidwa, kubwereranso kuchipatala kumachepa, ndipo zimenezi zatsimikizika kambirimbiri. Ife amene anatiphunzitsa ndi namwino uja, pa nthawi yake yopuma. Anatiuza kuti tisamatsutsane naye za mawuwo komanso tisamavomereze kuti alipodi, tizingoti, "Ine sindikuwamva, koma ndikuona kuti akukusautsa." Anatiuza kuti tizindikire zizindikiro zake zoyamba, zimene kwa iye ndi kusagona masiku awiri otsatizana. Anatiuza kuti tizimufunsa mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha, chifukwa kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu, ndipo pafupifupi 5 pa odwala schizophrenia 100 alionse amafa podzipha, ambiri m'zaka zoyambirira, nthawi zambiri atangotuluka m'chipatala. Zimene anachita namwino ameneyu mwa chifundo chake, bwanji osazisandutsa ntchito yolembedwa, yokhala ndi nthawi yake ndi malipiro ake?

Mudzati akatswiri ndi ochepa. N'zoona, ndipo sadzakwana msanga. N'chifukwa chake mu 2008 WHO inakhazikitsa ndondomeko ya mhGAP, yophunzitsa anamwino ndi madokotala wamba kuzindikira ndi kuyamba kuchiza matenda ngati amenewa pa chipatala chaching'ono, katswiri n'kumangowayendera ndi kuwalangiza. Anthu awiri aja amene anationa poyamba akanakhala ataphunzira zimenezi, miyezi 14 ikanakhala itatu. Ndipo kutalika kwa nthawi imene munthu wakhala osalandira thandizo kumayenderana ndi mmene adzachirire: akachedwa, kuchira kumavuta, ndipo pa nthawiyo sukulu yatha, anzake athawa, dzina loti wamisala lamumatirira. Ku Melbourne, Patrick McGorry anatsegula mu 1992 malo othandizira achinyamata amene angoyamba kumene kudwala, ndipo nzeru imeneyo inafalikira m'mayiko ambiri. Ku England, kuyambira 2016, anaika muyezo woti munthu amene wadwala koyamba ayambe kuthandizidwa pasanathe milungu iwiri chitumizidwireni. Sindikunena kuti aliyense angakwanitse milungu iwiri mawa. Ndikunena kuti iwo anayamba n'kuwerenga masikuwo. Inu mumawerenga odwala amene agonekedwa ndi amene atuluka. Yambani kufunsa banja lililonse kuti, "Zinayamba liti?" n'kulemba yankho.

Za asing'anga ndi atsogoleri a mapemphero ndinena mwachidule. Mabanja amapita kumeneko, ndipo adzapitabe, chifukwa kumeneko amalandiridwa, amapatsidwa mpando ndi tanthauzo la zimene zawagwera. Kuwanyoza sikunachepetse mzere wa kumeneko. Ku Ibadan m'dziko la Nigeria ndi ku Kumasi m'dziko la Ghana, Oye Gureje ndi anzake anayesa kuti azachipatala aziyendera odwala amene ali m'manja mwa asing'anga ndi a mapemphero, n'kumathandizana nawo. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2020, zinaonetsa kuti odwalawo anapeza bwino kuposa amene sanayenderedwe. Mutu umodzi susenza denga.

Tsopano za chingwe chija. Mu 1797 Jean-Baptiste Pussin anachotsa maunyolo pa odwala a ku Bicêtre ku Paris. Patapita zaka zoposa 200, mu 2020, bungwe la Human Rights Watch linapeza anthu odwala maganizo ali omangidwa m'mayiko 60. Ine sindingaweruze banja limene lamanga mwana wawo, poti ndinachitapo. Tinamanga chifukwa kunalibe nambala yoimba, kunalibe munthu wobwera kunyumba, ndipo tinkaopa. Manthawo anali oposa ngozi yeniyeni: odwala ambiri sapweteka munthu, ndipo kawirikawiri iwo ndi amene amamenyedwa, kuberedwa ndi kugwiriridwa. Ngozi imakula pamene munthu wakhala nthawi yaitali osathandizidwa, makamaka pakalowa mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndiye kuti tabwereranso pa nkhani ya kuchedwa ija. Koma chingwe cha banja losowa pogwira n'chosiyana ndi chingwe cha m'chipatala. Mlongo wanga amakumbukira zochepa za masiku amene anadwala kwambiri, koma amakumbukira bwino lomwe usiku umene anamuvula zovala n'kumutsekera yekha m'chipinda chopanda chofunda, popanda womuuza chifukwa chake. Zinatitengera chaka kuti avomere kulowanso pa geti la chipatala chilichonse, ngakhale dzino likumuwawa. Pangano la United Nations la 2006 la ufulu wa anthu olumala limakhudzanso anthu ngati iye. Dziko la Italy linakhazikitsa lamulo mu 1978 lotseka zipatala zikuluzikulu za amisala, potsatira ntchito ya Franco Basaglia ku Trieste, n'kuika thandizo pafupi ndi kumene anthu amakhala. Phunziro lake si kungotseka zipatala, chifukwa kumene anatseka popanda kukonza kolowera, odwala anathera m'misewu ndi m'ndende. Ndalama ziyambe zafika kumene kuli anthu.

Ndalamazo n'zochepa mochititsa manyazi. Pa dziko lonse, tikatengera pakatikati, boma limaika pafupifupi 2 pa 100 iliyonse ya ndalama za umoyo ku matenda a maganizo, ndipo m'mayiko ambiri gawo lalikulu la kachepako limathera m'zipatala zikuluzikulu zogonekera, kumene munthu amafika zinthu zitaipa kale.

Chinthu china chimene sindinkachidziwa, ndipo chimandisowetsa tulo tsopano: anthu odwala matenda aakulu a maganizo amafa zaka 10 mpaka 20 msanga kuposa anzawo, ndipo ambiri sapita ndi misalayo koma ndi mtima, shuga, TB ndi matenda ena ochizika. Fodya amasuta kwambiri, mankhwala amawanenepetsa, ndipo akadandaula za m'chifuwa amauzidwa kuti ndi maganizo. M'zaka pafupifupi 5 zimene mlongo wanga wakhala akulandira mankhwala, amene anamukweza pa sikelo ndi kumuyeza kuthamanga kwa magazi popanda ife kupempha ndi munthu mmodzi. Sikelo ili m'chipinda choyandikana nacho.

Mukamakonza ndondomeko zanu, muitaneni iye ndi anzake adzakhale nawo pa tebulo. Amadziwa mankhwala amene amaumitsa khosi, amadziwa mawu amene amamukhazika mtima pansi ndi amene amamuwopseza, amadziwa chimene abwana ake anachita kuti abwerere pa ntchito: anangomulola kuyamba mochedwerako m'mawa, poti mankhwala a usiku amamulemetsa. Wandiuza kuti akhoza kubwera, bola lisakhale Lachinayi loyamba la mwezi, chifukwa ndi tsiku lake lokatenga mankhwala, ndipo amapita m'mamawa kuopa kukapeza atatha.

Ine wanu,
Mlongo wake wa wodwala